Mzimu wa Aphunzitsi Kuang Wathawa

"Ifaninso, Aphunzitsi," anatero Mayi Nie. "Aka n'kachisanu ndi chiwiri."

Aphunzitsi Kuang anayandikira maikolofoni, nakoka mpweya. "Aaa."

Inu, kulira kwake! Ngati munthu wapeza tsitsi mu supu.

Komatu awa ndi a Kuang Deshun, otchedwa Aphunzitsi mwaulemu chabe, mkulu amene kwa zaka ziwiri wakhala akufera asilikali onse a mu filimu ya makatuni ija ya Mlatho wa Mizimu. Olasidwa, opsa ndi moto, omezedwa ndi chinjoka, onsewo ankalira ndi mawu a mkuluyu, moti ana a sukulu mu mzinda wonse wa Chengdu ankatseka makutu, kenako n'kubwezanso kuti amve bwino. Tsono gawo lomaliza linkafunika Lachisanu. M'gawo limenelo mtsogoleri wa asilikali a mizimu akufa kachiwiri, pamlatho pomwepo. Eni filimu ananeneratu kuti imfa imeneyo ikapanda kuliza anthu, filimu yathera pompo, ndipo Mayi Nie, woyang'anira wake, akafune ntchito kwina.

Chinsinsi cha Aphunzitsi ankachidziwa aliyense pa situdiyopo, ngakhale otsuka mawindo. Anali ndi mzimu. Akuti wa msilikali wakalekale amene sanaikidwe m'manda. Umboni? Nyama sankadya, koma phala la mpunga basi. Ankalankhulira mbali imodzi ya kamwa. Ndipo akati ajambule mawu, ankamwa madzi a ayezi. Munthu wamkulu wanzeru zake, kusiya madzi otentha amene akuluakulu onse kuno amamwa? Akangomwa ankagwira nkhope, maso n'kutembenuzika, chimkuwo n'kutuluka mpaka magalasi kunjenjemera.

Tsikuli anamwa makapu atatu. Palibe.

"Wathawa," ananong'ona achemwali Pei, ojambula mahatchi. "Ndinakuuzani ine, musapake penti chipinda chino. Msilikali wanji angakhale mu pinki?"

Mayi Nie, omwe masiku onse ankati za mizimu n'zachikale, anatumiza galimoto ku kachisi wa kuphiri. Wansembe anafika masana, belu m'dzanja ili, lupanga la mtengo m'dzanja linalo. Anafukiza lubani, nawotcha mapepala achikasu mpaka alamu ya moto inalira. Pepala lotsala anawamata nalo Aphunzitsi pamphumi.

"Msilikali iwe, bwerera!" anakuwa wansembe. "Akupatsa bakha wathunthu!"

"Awiri," anatero Mayi Nie. "Dzina lakenso tililemba kumapeto kwa filimu."

"Koma Mayi Nie, ine ndimati..." anayamba Aphunzitsi, pepala likuuluka ndi mpweya wawo.

"Pepani Aphunzitsi, takhalani chete kaye. Sitikulankhula ndi inu."

Belu linalira, lupanga linazungulira, achemwali Pei anagwada. Anabweretsa kapu yachinayi, ayezi mpaka pamwamba. Aphunzitsi anamwa yonse. Nyali yofiira yosonyeza kuti ayamba kujambula mawu inayaka.

"Aaa."

Mayi Nie anangokhala pansi, nsapato imodzi itavuka.

Pomwepo chitseko chinatseguka. Anali akazi awo a Aphunzitsi, atanyamula kontena ya chakudya, akutsokomola ndi utsi.

"Bambo inu, nkhomaliro mwaisiya patebulo. Nthiti za nkhumba ndi mtedza wokazinga. Tafunani momasuka, si dzino lovunda lija anakuzulani Lolemba?"

Mayi Nie anadzuka, anamatula pepala lija, nawagwira Aphunzitsi chibwano mwaulemu.

"Tayasamulani, Aphunzitsi. Mwina lilipo lina lobooka."