Mzere wa Kapembwa

Chigumukire mgodi wa mkuwa m'mawa muja, wina pansipo ankagogodabe paipi.

Mu ofesi, Chileshe ankalemba pakompyuta nthawi imene aliyense watulukira. Akamatsitsa tsamba, mayina onse ankayenda, koma mzere wa mwamuna wake, Kapembwa, unangoti nji pamwamba, malo olembapo nthawi ali mbee.

"Mwamanga mzere wolakwika, mlamu," anatero Ba Mutale, kapitawo. "Timamanga wa mitu wokha kuti usamayende."

"Sindinaumange ine. Usiyeni, chonde."

"Aa, mlamu, iyi ndi kompyuta, si ng'anga."

Ba Mutale anagwira kompyutayo n'kumasula mzerewo. Dzinalo linakwera limodzi ndi enawo n'kuzimirira.

Pomwepo wailesi ya opulumutsa anthu inakhosomola patebulo.

"Ofesi, mukutimva? Kugogoda kuja kwasiya."