Mwamuna wa Dona

Ine Sitolo Kamwendo ndayenda: Joni, Beira, Lubumbashi, konseko amandidziwa. Galu woyamba wa makutu oimirira m'mudzi muno ndinabwera naye ndine, ndipo sindinalole kuti magazi ake asakanikirane ndi a agalu wamba. Ana ake ankaberekana okhaokha.

Tsopano lamulo likuti galu asabereke mpaka makina a ku dipi atayeza malovu ake ndi a mwamuna wake. Lachiwiri ndinapitako ndi Dona, wamkazi womaliza wa mtunduwu wotha kubereka, pamodzi ndi mlongo wake. Makina anayaka mofiira.

"Bambo, onse awiri anyamula nthenda ya maso," anatero mlangizi wa ziweto. "Ana awo adzachita khungu. Makina akuvomereza galu wa a Jumbe yekha."

Mayi wake wa Dona saonanso. Mkazi wanga Nachisale sasuntha ndowa kapena mpando, kuopa kuti angadzigunde.

"Galu wa a Jumbe?" anafunsa Nachisale nditamuuza kunyumba. "Uja mumam'genda, abambo?"

M'mawa ndinamusambitsa Dona. Pakhomo pa a Jumbe ndinavula chipewa, n'kukhala pansi padothi.

"Odi, achimwene. Ndabwera kudzapempha."