Khadi Losakumbirapo

M'kashopu ka a Hamdani, kuseri kwa msika wa Lilongwe, Dalton anakankhira kutali khadi la zithunzi za pakompyuta limene anamuonetsa. Anatsala ndi masiku awiri okha. Bwana wake ku City Centre ankafuna mapulani a nyumba yosanja pofika Lachisanu, apo ayi ntchito ithere pomwepo, ndipo popanda khadi lamphamvu kompyuta yake sikanajambula kanthu.

"Limeneli mwakumbira kiripito, ndalama za pa intaneti zija, eti?" anafunsa monyansidwa.

"Zaka ziwiri, sindikubisirani," anayankha a Hamdani. "Koma ndinkachepetsa magetsi olowamo. Mukatero khadi silitentha, mafani oliziziritsa satopa, limakhalitsa. Tiyeni tiliyese pompano muone nokha."

"Mukundiyesa wobwera dzulo m'tauni muno? Ndinu akuba inu!"

Mtima wa Dalton unali utawira. Anthu okumba ndalama za pa intaneti ankawadziwa bwino: amalikwapula khadi osalipumitsa mpaka litapsa m'kati, kenako nkulipukuta, nkukamusenzetsa munthu wosalakwa. Zochepetsa magetsizo kwa iye zinali nthano zonyengerera makasitomala. Ndiye mkulu wonseyu, imvi mbuu, osachita nako manyazi!

Maso ake anagwera pa khadi lina pashelefu, la mtundu womwewo, lokutidwa m'kathumba konyezimira.

"Nanga ilo mukulisungira ndani?"

"Ilo si logulitsa, achimwene. Wolibweretsa anati mwini wake ankangoseweretsa magemu, sanakumbirepo. Ine sindinamukhulupirire. Ndinangolitenga kuti ndichotseko mafani."

Dalton anaseka kuseka kwa chipongwe. Galu wamkota sakandira pachabe. Labwinolo ankalibisira mnzawo, lakuphali nkumupatsa iye. Anamenya tebulo, nakweza mawu mpaka amayi ogulitsa zitenje panja anayamba kusuzumira. Anaopseza kuti alengeza pa Facebook kuti anthu aleke kuponda pashopupo.

Kenako a Hamdani anatsitsa kathumba kaja osamwetulira.

"Tengani. Koma amayi awa ndi mboni: mukatuluka nalo, musadzabwerenso nalo muno."

"Ndidzabwerere chiyani kudzala kuno?"

Analipira, nalikumbatira khadilo pachifuwa, akudzimva kuti wamugwetsa nkhalamba yochenjera. Atafika pakhomo anatembenuka kuti abaye komaliza.

"Mwini wakeyo mudzamuuze kuti ndi yekhayo woona mtima amene katundu wake analowapo muno."

"Mukamuuzire nokha kudzera kwa amene analibweretsa," anatero a Hamdani. "Ndi a Clifton, a ku Area 15."

Dalton anayang'ana khadi limene analikumbatiralo. Clifton anali mlamu wake, amene iye anamutuma kukagulitsa kutali, ku Blantyre, khadi lake lomwe analipsereza pokumbira kiripito magetsi ali pamwamba. M'malo mopita nalo ku Blantyre, Clifton analigulitsa konkuno, ndipo linali lomweli. Ngakhale bodza la magemu lija anamuphunzitsa ndi iye yemwe.