Anamuuza Kuti Achotse Zala pa Mabuleki

Panali munthu wina, mayi wa ana awiri, namwino pa chipatala china. Dokotala atamuuza kuti magazi ake ayamba kuthamanga, anagula njinga yokwerera mapiri kuti azilimbitsa thupi. Mchimwene wake wamkulu anali wokonza njinga, ndiye ankamuphunzitsa pabwalo la kuseri kwa shedi yake.

"Achemwali, potsetsereka muziimirira pa mapedulo, thupi mulibweze kumbuyo," ankatero mchimweneyo. "Mabuleki muzifinya onse awiri, pang'onopang'ono. Mukakoka yakutsogolo yokha mudzapsompsona dothi."

Milungu itatu inatha mayiyo akungozungulira zitini zomwe mchimwene wake anandandalika pansi.

"Achimwene, kodi ndinagula njinga kapena chigayo? Tsiku ndi tsiku kuzungulira pamodzimodzi!"

"Kuthamanga aliyense amatha. Mukadziwa kuima, kuphiri tidzapita limodzi. Nokha ayi."

Tsiku lina m'mawa, ana atapita kusukulu, mayiyo ananyamuka yekha osauza munthu. Analowa m'nkhalango ya paini kunja kuli nkhungu. Pamphambano ya tinjira anapeza bambo wamtali wovala juzi yotuwa, ali panjinga. Mapazi onse awiri anali pa mapedulo, njinga itaima chilili, osayenda komanso osagwa.

"Mayi, mwakhalatu pa chishalo ngati thumba la simenti," anatero bamboyo. "Bwerani ndikuonetseni."

Anamuphunzitsa kutukula tayala lakutsogolo podutsa muzu, kupinda mawondo, kudumpha kamwala. Ola lisanathe mayiyo anali atadumpha chipika. Anaseka yekha ngati mwana.

"Mwaona? Achimwene anu aja amangokuphunzitsani mantha."

Mayiyo anadabwa, chifukwa za mchimwene wake sanazitchule. Koma mtima unali utakoma kale, ndiye anangozisiya.

"Chipewacho vulani, chikukutsekani makutu," anatero bamboyo. Mayiyo anavula chipewa choteteza mutu n'kuchikoleka panthambi.

"Tsopano nditsateni. Zala muchotse pa mabuleki. Muziyang'ana msana wanga basi."

Anayamba kutsetsereka. Njinga inkathamangirathamangira, mitengo ikudutsa ngati mithunzi. Mayiyo ankamva tcheni cha njinga yake chikugunda, koma kutsogoloko kunali zii. Njinga ya bamboyo sinkamveka, ngakhale podutsa pamiyala.

Atafika pamatope, mayiyo anagwetsa maso pansi. Matopewo anali osalala. Bamboyo anali atangodutsa pomwepo, koma matayala ake sanadinde chilichonse.

Mayiyo anafuula: "Bambo, imani!"

Bamboyo sanacheuke. Mawu ake anamveka pafupi, ngati ali kukhutu kwenikweni: "Musagwire. Tatsala pang'ono."

Ndi mantha, mayiyo anakoka buleki yakutsogolo ndi mphamvu zonse. Anauluka pamwamba pa mahandulo n'kukamenyetsa phewa ndi mutu pachitsa. Njinga inagubuduka n'kulowa m'nkhungu. Panapita kanthawi kuli chete, kenako anamva chitsulo chikuphwanyika pansi, kutali kwambiri.

Anakuwa mpaka mawu anasasa. Amene anamumva ndi mlonda wa mgodi wakale wa miyala, yemwe anakwera kuchokera kukanyumba kake. Pofika iye nkhungu inali ikuyera, ndipo mayiyo anaona pomwe anagona. Kanjira kaja kanathera pomwepo, masitepe atatu kutsogolo. Kupitirira apo linali phompho la mgodi, pansi pake madzi obiriwira.

"Pali bambo wina wagwera uko," anatero mayiyo. "Thamangani mukamuone!"

Mlondayo sanasunthe. Anavula jekete n'kumufunditsa.

"Wamtali, wa juzi yotuwa?"

"Mukumudziwa?"

"Sindinamuonepo, mayi. Ndimangomumvera kwa anthu omwe ndimawatola. Winayo anangokwanitsa kunena juzi yotuwa, n'kutsirizika tisanafike naye kumsewu. Inu ndinu wachitatu, koma ndinu woyamba kukupezani pamwamba pano."

Anthu anatsikira mumgodimo tsiku lomwelo. Anapeza njinga ya mayiyo itapindika, koma ya bamboyo sanaione, ngakhale mwiniwakeyo.

Mchimwene wake atafika kuchipatala sanakalipe. Anakhala m'mphepete mwa bedi, manja ake akuda ndi girizi, misozi ikungotsika.

"Ana aja ndikanawauza chiyani, achemwali?"

Mayiyo anachira, koma fupa la paphewa linalumikizana mokhota ndipo khutu limodzi silimvanso. Mpaka lero sangathe kunyamula wodwala ndi dzanja lamanja.

Phunziro: Amene amakukonda amayamba wakuphunzitsa kuima, ngakhale ziwoneke zochedwetsa. Munthu wosamudziwa akakuuza kuti uvule chokuteteza n'kumutsata, bwerera pomwepo, chifukwa sudziwa komwe njira yake ikuthera. Osapita kuphiri wekha, osasiya chipewa. Musaisunge nkhaniyi mufoni mwanu. Itumizeni kwa abale ndi anzanu, makamaka omwe angoyamba kumene kupalasa njinga.