Dzanja la Mayi Azaratu

Mayi Azaratu, mkulu wa masamu pasukulu ina ya atsikana mumzinda wa Tamale, analowa m'kalasi osagogoda n'kumenyetsa mapepala a mayeso patebulo. Fumbi linabuka. Bambo Wumbei, mphunzitsi watsopano, anatsala ndi choko m'manja.

Funso lachinayi linali losavuta: jambulani y = x², kenako y = (x + 3)². Mzere wokhota wachiwiri umayenera kusunthira kumanzere. Atsikana onse makumi asanu ndi limodzi anausunthira kumanja. Onse, ngakhale Napari amene sankalakwa kanthu.

Kalasiyi inali ya Mayi Azaratu mpaka teremu yatha, pamene anawakweza udindo. Anaisiya ili yakuthwa ngati mpeni. Miyezi itatu yokha m'manja mwa mnyamata wa digiri yonyowa inki, taonani zotsatira. Kalata yoti asamulembe ntchito yokhazikika inali kale m'chikwama chawo, yongodikira siginecha.

Wumbei anayesa kunena kuti mutu umenewu iye sanaukhudze nkomwe.

"Khala chete, iwe. Mbuzi ikalowa m'munda sumafunsa kuti yadya mzere uti."

Atsikana anaweramitsa mitu. Mayi Azaratu anayima pamalo pawo akale, kutsogolo kwa tebulo, maso ali pa ana. Zaka makumi awiri akuphunzitsa, sanafulatirepo kalasi. Ankanyadira zimenezo. Wofulatira ana, ankatero, amamva pepala likumugunda pankhongo. Bolodi ankaisiyira aphunzitsi aulesi. Iwo ankaphunzitsa ndi pakamwa, ndi nyimbo, ndi dzanja.

Anafunsa kuti ndani anawaphunzitsa zopusazi. Anafunsanso, akumenya tebulo. Napari anayang'ana Wumbei, kenako pansi. Kwa Mayi Azaratu umenewo unali umboni wokwanira.

"Mwaona, Bambo Digiri? Akukuopani mpaka kukubisani. Ine ndinawaphunzitsa zoona, ndipo mumva nokha."

Analamula atsikanawo kuyimirira. Anawomba m'manja kawiri monga ankachitira kale, nayambitsa nyimbo yawo ija ndi mawu aukali.

"Ukaphatikiza m'kati mwa mabulaketi, mzere uthawira kuti?"

"Uko!" kalasi yonse inayankha.

Dzanja lamanzere la Mayi Azaratu linali litaponyedwa kale kuwindo, monga mwa masiku onse. Manja makumi asanu ndi limodzi analoza windo lomwelo, osaphonya ndi mmodzi yemwe. Mayi Azaratu anatembenukira kwa Wumbei kuti amuone akuchita manyazi.

Wumbei anawayandikira. Anangowagwira pachigongono mwaulemu, kuwapititsa pamzere woyamba wa madesiki, n'kuwatembenuza kuti ayang'ane bolodi ngati mwana wasukulu.

Windo lija tsopano linali kudzanja lawo lamanja.