Mabatire a M'wailesi ya Mayi

Chifuniro anaima m'sitolo ya a Chimango pa Manjawira, akuyang'ana tochi ziwiri. Chimwalirireni mayi ake, amene ankawagwira dzanja bambo ake kukada, bambowo anali atagwa kangapo panjira ya kuchimbudzi.

"Tenga yotchajayi, mphwanga," anatero a Chimango. "Ndi yamakono."

"Tikatchaja kuti? Kwathu mawaya a magetsi amangotidutsa pamutu."

Ananyamula inayo, yachitsulo, yolemera bwino m'manja. M'thumba anatulutsamo mabatire awiri ang'onoang'ono a m'wailesi ya mayi, imene palibe anaiyatsapo chibwerereni kumanda. Anawalowetsa, nadina.

Kuwala kunagwa pakhoma.

"Ndikuikire atsopano?" anafunsa a Chimango.

"Ayi, siyani," anatero Chifuniro, osaizimitsa. "Bambo ayambe ayendera a mayiwa."