Kafukufuku Pachigafa

Mtsikana wa kafukufuku wa chisankho anapeza a Fredson ndi akazi awo pachigafa kwa Wimbe, akusoka fodya. Anakhala pachidebe n'kutulutsa pepala ndi cholembera.

"Chisankho cha pulezidenti chitachitika lero, mungavotere ndani? Mayina sitilemba."

A Fredson anangoyang'ana cholemberacho. Olemba anthu a makuponi a feteleza nawonso chaka chatha ankamwetulira chomwechi, koma dzina lawo silinatuluke.

Asanatsegule pakamwa, akazi awo, a Fainala, anatchula mtsogoleri wotsutsa boma, mokweza ngati akuitana munthu kutsidya kwa dambo.

"Musalembe zimenezo!" anakuwa a Fredson. "Awa mutu sukuyenda bwino. Chimwalirire mwana wathu amangobwebweta ngati wamisala. Nyumba ino ndi ya boma, tonse awiri."

Manja a mayiwo anaima pamasamba. Mwanayo anamuika miyezi itatu yapitayo, ndipo chichokere kumanda bamboyo anali asanamutchulepo mpaka lero.

Mtsikana uja anazolika, n'kuchonga pomwe bambo ananena.

A Fainala anakoka chingwe n'kuchidula ndi mano.

"Lembani zawozo, mwana wanga. M'kachipinda kovotera wamisala amalowamo yekha."